Ulendo wa kuchilumba cha Domwe Loweruka ndi Lamlungu, ngakhale kwa osadziwa kusambira

Chibwerereni ku Domwe, chilumba cha pa nyanja ya Malawi, funso ndi limodzi lomweli: "Amwene, kuchilumba kuja munakafika bwanji? Nanga ife osadziwa kusambirafe kungakatikomere?" Ndayankha anzanga a kuntchito, ndayankha amayi a kwaya, mlamu wanga ndamuyankha katatu ndipo katatu konseko waiwala. Ndiye ndalemba zonse pano kamodzi. Ine ndine wa kumtunda. Madzi akuya amene ndinakula ndikuwadziwa ndi a chitsime cha kudimba, choncho zimene muwerengezi ndi za munthu amene anayamba ndi mantha ngati anuwo.

1. Sankhani chilumba chokwana m'masiku awiri

Ambiri akangomva za chilumba, maganizo amathamangira ku Likoma. Ku Likoma n'kokongola, palibe angatsutse, ndipo tchalitchi cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903 n'choyenera kukachiona ndi maso. Koma ku Likoma sikupitidwa Lachisanu n'kubwerako Lamlungu. Ilala imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, kukafika ku Likoma Loweruka, n'kupitirira kumpoto, ndipo pobwerera imadzadutsanso Lachiwiri, ikakhala yasunga nthawi. Maboti ena ochokera ku Nkhata Bay alipo, koma kukangofika ku Nkhata Bay kokhako tsiku latha. Ku Likoma pemphani tchuthi cha sabata yathunthu.

Za masiku awiri ndi zilumba za ku Cape Maclear, kumene eni ake amati ku Chembe, m'boma la Mangochi. Zilipo zitatu zoti muziganizire. Thumbi ndi chimene chimaoneka patsogolo penipeni mukaima pagombe la Chembe. N'chapafupi, anthu amapita m'mawa n'kubwerako masana, sikugonedwa. Mumbo ali patali, makilomita pafupifupi 10 kulowa m'nyanja, kachilumba kakang'ono kaukhondo, chakudya amakuphikirani, koma mtengo wake ndi wa anthu olandira madola. Domwe ndiye wathu. N'chilumba chachikulu chopanda mudzi, chozungulira makilomita pafupifupi 11, chili ndi phiri, ndipo chinalekana ndi mtunda ndi kampata kopapatiza ka madzi kotchedwa Ilala Gap. Pali msasa wa matenti pamene mumadzitengera chakudya chanu. Zonse zitatu zili m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984, chifukwa cha nsomba zimene mukupita kukazionazo.

2. Nyengo

Kunyanja mawu awiri awa muwadziwe. Mwera ndi mphepo yochokera kummwera, imalimba m'miyezi yozizira, makamaka June ndi July mpaka August, ndipo imatha kuomba masiku angapo osapuma. Mpoto ndi yochokera kumpoto, imabwera ndi nyengo ya dzinja. Mvula ikayamba mitsinje imathira matope m'nyanja, madzi amachita mbuu, nsomba sizioneka bwino. Ine ndimakonda kuyambira September mpaka kumayambiriro kwa November: madzi ali mbee, afunda, nyanja yagona. Kutentha kwake n'koopsa, koma ndiye mwapitiranji kunyanja.

Funsaninso za kuchuluka kwa madzi. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri moti mchenga wa m'malo ambiri unamizidwa, ndiye chithunzi cha gombe chimene mwaona pa Facebook chikhoza kukhala cha zaka zina.

3. Sungitsani malo, tengani ndalama m'manja

Ku Domwe simungangotulukira ndi tenti yanu n'kukhoma paliponse, ndi m'paki. Msasa wa kumeneko ndi wa ku Mumbo akhala akuyendetsa ndi a Kayak Africa, amene ofesi yawo ili pagombe ku Chembe komweko. Imbani masabata awiri kapena atatu ulendo usanachitike. Funsani zinthu zinayi: mtengo wa Amalawi, ngati mtengowo ukuphatikiza boti, ndalama yolowera m'paki, ndi zimene zili kukhitchini. Mitengo sindilemba pano. Chigwetsereni kwacha mu November 2023, mtengo umene munthu walemba lero umakhala bodza pakatha miyezi itatu.

Chiphaso chanu cha unzika chisatsale, chifukwa Mmalawi amalipira zochepa polowa m'paki kusiyana ndi mlendo. Lisiti lake lisungeni. Ndalama tapani ku banki musananyamuke, kapena pa Mangochi. Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito ku Chembe, koma ma ajenti Loweruka amatha kukuuzani kuti alibe ndalama zokwanira, ndipo netiweki ili ndi nthawi yake yokwiya.

4. Msewu

Nyamukani Lachisanu masana, osati madzulo mukaweruka. Ochokera ku Lilongwe, tsatani M1 kudutsa Dedza, mukhote kutsika phiri la Golomoti, kenaka mulowere msewu wa ku Monkey Bay. Ochokera ku Blantyre, ndi Zomba, Liwonde, Mangochi. Konseku werengerani maola anayi kapena asanu pa galimoto yanu. Phiri la Golomoti lili ndi makona okhotakhota ndipo si loti muzilitsika usiku ndi mabuleki okayikitsa. Ikani giya yaying'ono, musamangoponda buleki mpaka kununkha. Mutatsala pang'ono kufika pa Monkey Bay pali mphambano yolowera ku Cape Maclear, makilomita pafupifupi 18 okwera ndi kutsika m'mapiri. Mafuta thirani odzaza kumene mwawapeza, musanene kuti tikathira kutsogolo.

Oyenda pa minibasi, tsikirani pamphambanopo kapena pa Monkey Bay, mukwere matola kapena njinga yamoto ya kabaza. Mtengo mugwirizane musanakwere. Usiku wa Lachisanu gonani ku Chembe, malo ogona alipo a thumba lililonse.

Pano ndinenepo kanthu. Chembe si hotela, ndi mudzi wa asodzi, waukulu ndithu. Pagombe pomwe inu mukujambula dzuwa likulowa, anthu akuchapa, akutsuka mbale, akusamba, ena akuyanika usipa pa thandala. Perekani moni. Musaloze kamera kwa munthu amene akusamba. Amayi, chitenje chikhale pafupi poyenda m'mudzi; zovala zosambirira ndi za kuchilumba.

5. Katundu

Chakudya cha masiku awiri: mpunga kapena ufa, tomato, anyezi, mafuta, mazira, buledi, tiyi, shuga. Nsomba gulani kwa asodzi m'mawa wa Loweruka, kampango akapezeka musamusiye. Madzi akumwa ambiri kuposa amene mukuganiza. Tochi, pawabanki, mankhwala othamangitsa udzudzu, chipewa, nsapato zotseka zokwerera phiri, T-shirt yakale yosambira nayo, ndi majumbo awiri, lina lokulungira foni, lina lobwerera ndi zinyalala zanu. Sutikesi ya matayala isiyeni kunyumba. Ndinaona mayi wina akuikoka pamchenga ngati mbuzi yokana kupita kumsika.

6. Kuwoloka

Njira ndi ziwiri: boti la injini, kapena kayaki, kabwato kapulasitiki kopalasa nokha. Ngati simunapalasepo, kwerani boti. Kayaki mukaiphunzirira kuchilumba m'mbali mwa gombe.

Mukafuna boti la anyamata a pagombe, loti likuperekezeni ku Thumbi kapena ku Otter Point, malo a miyala a kumapeto kwa gombe la Chembe, kambiranani zonse mapazi akadali pamchenga: mtengo wa boti lonse osati wa munthu mmodzi, maola angati, magalasi a m'madzi alipo angati, ndalama ya paki alipira ndani, ndipo majekete oyandamitsa alipo okwanira aliyense. Majeketewo muwaone ndi maso, muwagwire, muone ngati zomangira zake zili zonse. Ine ulendo woyamba ndinangomva "zilipo bwana, musadandaule", tili pakati pa madzi n'kupeza majekete atatu, anthu tili asanu ndi awiri. Lipirani theka ponyamuka, theka pobwera.

Ndipo mwini boti akati lero nyanja yaipa, mawu ndi omwewo. Musamunyengerere ndi ndalama yoonjezera. Yang'anani asodzi: ngati mabwato awo onse ali pamtunda dzuwa lili pamutu, inu ndinu ndani.

7. Kuona nsomba m'madzi

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "valani magalasi musangalale", ngati munthu anabadwa akupumira m'paipi. Ndichedwapo, chifukwa anthu ambiri amene ndawaona akulephera, analephera m'mphindi ziwiri zoyamba, n'kukhala pamwala tsiku lonse akusunga mafoni a anzawo.

Zida ndi zitatu. Magalasi a m'madzi, amene amaphimba maso ndi mphuno. Kapaipi kopumira, kamene mbali ina mumaluma, mbali ina imatulukira pamwamba pa madzi kuseri kwa mutu. Ndi zipsepse za kumapazi, zimene tsiku loyamba mukhoza kuzisiya. Chachinayi, kwa ife a kumtunda, ndi jekete. Valani, mangani zolimba, musachite manyazi. Madzi a nyanja yathu alibe mchere, sanyamula munthu ngati a ku Beira kapena ku Durban, moti ngakhale odziwa kusambira amatopa msanga.

Yambani ndi kuyesa magalasi muli pamtunda. Aikeni kumaso osakoleka lamba, kokani mpweya pang'ono ndi mphuno, chotsani manja. Akamatirira, ndi anu. Akagwa, pemphani ena, chifukwa amenewo azilowa madzi ngakhale mumange chotani. Kulakwitsa kwa aliyense ndi kukoka lamba mpaka maso kutuzuka poganiza kuti ndiye madzi salowa. Kumangitsa kumapinda mphira n'kutsegula mpata. Lamba akhale kumtunda kwa nkhongo, osati pakhosi. Tsitsi, mawigi ndi zingwe za maluko zisapanikizike pansi pa mphira. Abambo a ndevu za pamlomo wam'mwamba, madzi azidontha ndithu, metani kapena pirirani.

Kenaka chinthu chimene alongo anga anakana mpaka ataona okha: lavulirani malovu m'kati mwa galasi, pakani ndi chala, tsukuluzani pang'ono. Mukapanda kutero galasi lichita nthunzi ndipo muziona ngati muli m'chifunga cha pa Dedza.

Tsopano lowani pamalo a mchenga, madzi a m'chiuno, mapazi ali pansi. Lumani kapaipi mopepuka, milomo itseke mozungulira. Pumani ndi pakamwa kasanu mutu uli kunja. Ndiye weramani, nkhope yokha ilowe m'madzi. Apa thupi likana. Chifuwa chimangika, mtima uthamanga, mutu ukuuzani kuti munthu sapuma nkhope ili m'madzi, dzuka. Si inu nokha, aliyense zimamuchitikira. Dzukani, sekani, bwerezani. Cholinga ndi kufika popuma ka 20 motsatizana, pang'onopang'ono, mpweya wautali, mukumva phokoso lake m'paipi ngati munthu wogona. Ine zinanditengera pafupifupi theka la ola, mnyamata wa boti ataima pambali akungoti, "Osathamanga achimwene, nsomba sizikupita kulikonse." Musachoke pamchengapo musanafike 20.

Mukatha apo phunzirani kutulutsa madzi m'paipi, chifukwa adzalowa ndithu. Lowetsani dala pang'ono, kenaka uzirani mwamphamvu kamodzi ngati mukunena kuti "tu!" Madzi athovoka pamwamba. Mpweya wotsatira kokani mosamala, pangakhale madontho otsala. Chimene chimalowetsa madzi kawirikawiri ndi kuweramitsa mutu kuyang'ana kumapazi, pamenepo nsonga ya paipi imamira. Maso aziyang'ana pansi chakutsogolo.

Chotsatira ndi kunyamula mapazi. Gonani chafufumimba pamadzi, manja tambasulani, jekete ikunyamulani. Musapalase ngati galu. Miyendo iziyenda pang'onopang'ono kuchokera m'chiuno, osamenya madzi, chifukwa phokoso limabalalitsa nsomba. Mukatsamwa kapena mantha akakugwirani, chochita ndi chimodzi: tembenukani chagada, lavulani kapaipi, pumani mukuyang'ana kumwamba. Chiyeseni kawiri pamadzi osaya kuti thupi lichizolowere. Musavule magalasi muli pakuya, ndipo musakakamire mnzanu pakhosi.

Mukatero ndiye pitani kumiyala, kumene kuli mbuna. Mbuna ndi tinsomba ta m'miyala, tambiri totalika ngati chala kapena chikhatho, ndipo dzinali linachokera kwa Atonga. Ife tinazolowera kuona nsomba ili m'mbale, yotuwa, ndiye zimene zili pansipo zimadabwitsa: zabuluu wowala ngati nsalu yatsopano, zachikasu, zamizeremizere ngati mbidzi, zonse zili jijirijijiri kudya ndere pamwala. Mukangokhala duu zimabwera mpaka pagalasi. Yang'anitsitsani mwala umodzi kwa mphindi zingapo, muona kuti yaimuna iliyonse ili ndi kadera kake, ina ikadutsa malire imathamangitsidwa. Mukaona ina yotupa kukhosi, yosadya, yobisala kumphepete, ndi mayi ameneyo, wasunga mazira kapena ana m'kamwa. Ine ndinaona ina italavula tiana take ngati utsi, ndipo nditasuntha dzanja tonse tinathamangira m'kamwa momwemo. Pamchenga muona timaenje tozungulira bwino ngati mbale. Amakumba ndi amuna a mitundu ina pokopa akazi. Mitundu yambiri ya nsombazi sipezeka kwina kulikonse padziko, ndipo ina imapezeka pachilumba chimodzi chokha. Azungu amazigula mokwera kukaweta m'magalasi m'nyumba zawo.

Machenjezo a pamiyala. Galasi limakuza zinthu ndi kuziyandikitsa, ndiye pansi pamene mukuona ngati mufikapo ndi phazi pakhoza kukhala patali. Miyala ya zilumbazi imatha mwadzidzidzi, apa madzi a m'chifuwa, kutambasula mwendo kamodzi kwada bii. Musaime pamiyala, ndere imaterera ngati therere ndipo ndi chakudya cha mbunazo. Dzutsani mutu pafupipafupi muone pamene pali gombe, chifukwa kamphepo kamakukankhani osadziwa. Musalowe nokha, musalowe mutamwa mowa, musalowe kukada. Funsani a pamsasa malo oyenera, iwo ndiwo amadziwa kumene kunaonekapo ng'ona. Kuwedza m'madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la paki n'koletsedwa, mbedza isiyeni. Ndipo valani T-shirt ija. Khungu lakuda limapsa nalonso. Ine msana ndi kuseri kwa miyendo zinasupuka sabata yonse, kugona chafufumimba ngati mwana.

8. Kukwera phiri

Izi chitani Lamlungu mbandakucha, dzuwa lisanakwiye. Nsonga ya Domwe ili mamita pafupifupi 400 pamwamba pa nyanja, ndipo njira yake ndi yoimirira, ya miyala ndi mizu. Ife tinatenga maola awiri kukwera, tikupuma pansi pa milambe. Tengani munthu wa pamsasa akutsogolereni, madzi malita awiri aliyense, nsapato zotseka osati mapatapata. M'tchiremo muli anyani, nguluwe ndi mbawala, ndipo m'mphepete mwa madzi ng'azi zimaothera dzuwa pamiyala. Anyani musawapatse chakudya, mawa adzalowa m'tenti ya wina. Musagwiregwire zomera zoyanga, chitedze sichisankha mlendo. Fodya ndi machesi ayi, udzu wa October umayaka ngati petulo.

Pamwamba mumaona Chembe yense, Thumbi ali pansi panu, Mumbo ali kutali ngati kachipewa koyandama. Kutsika n'kumene kumapweteka mawondo ndi kugwetsa anthu, musathamange. Mukafika pansi lowani m'madzi ndi thukuta lomwelo.

9. Pobwerera

Uzani a boti akutengeni isanakwane 12 koloko. Panjira apempheni akuonetseni nkhwazi: amagula tinsomba, amaimba mluzu, n'kuponya m'madzi, ndipo mbalame ija imene mumaiona pa chizindikiro cha dziko lathu imatsika mumtengo n'kudzatola ndi zikhadabo pafupi ndi boti. Mpata ukakhalapo, pitani cha ku Otter Point mukaone manda a amishoni. Mishoni ya Livingstonia inayambira pamenepa mu 1875, malungo anawatha, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Potuluka, m'mbali mwa msewu muli Mwala wa Mphini, wokhala ndi mizere ngati mphini za agogo athu. Kuima mphindi zisanu kukwana. Pofika 2 koloko mukhale muli pamsewu, kuti Golomoti mumukwere kukuwala.

10. Likodzo

Ili ndi gawo limene eni malo ogona sakonda kulitchula. Ku Chembe likodzo liliko. Tizilombo take timaswana mu nkhono za m'madzi osaya, odekha, a pafupi ndi mudzi ndi m'mabango, ndipo timalowa pakhungu osamva kanthu. Kuzilumba, pamiyala ndi pamadzi akuya, chiopsezo n'chochepa, koma nonse munaponda madzi a pagombe pokwera boti. Mankhwala ake ndi praziquantel, ndipo amaperekedwa molingana ndi kulemera kwa thupi, choncho pitani kuchipatala akakuyezeni sikelo, musangogula n'kumeza. Kulakwitsa kwa ambiri ndi kumwa Lolemba atangofika kunyumba. Nthawi imeneyo tizilombo tikadali tating'ono ndipo mankhwalawa satipha; amagwira pakatha masabata 6 mpaka 8. Musadikire kuona magazi m'mkodzo, ena saona chizindikiro chilichonse kwa nthawi yaitali. Imwani mutadya, madzulo, chifukwa amachititsa chizungulire.

Kutentha thupi kukabwera m'masabata awiri oyamba, kayezetseni malungo tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kuti munali kunyanja. Za likodzozo, tsegulani kalendala ya mufoni muli m'boti momwemo, werengani masabata 8, muike alamu. Ikaninso ya mlamu wanu.